Kusakaniza timadontho ta mu labu ndi phokoso, mmene mungayambire ndi ka buzzer

Amene munakhalapo pa benchi ya ELISA, test ija yofufuzira ma antibody kapena ma antigen mu sampulo, mukuidziwa nthawi ija umaika TMB, mankhwala otulutsa mtundu, mu plate nkumadikira buluu kuti atuluke, ndiye umaona mu well ina, kachitsime ka mu plate, buluu watulukira mbali imodzi ngati kamtambo, mbali inayo kuli mbee, ukathira stop solution chikasu chake chimabweranso chamawangamawanga, reader, makina oyeza mtunduwo, ikawerenga pa 450 nm ma duplicate a sampulo imodzi sakugwirizana. Umayamba kukaikira pipeti, kukaikira dzanja lako, mwinanso kit yonse. Koma nthawi zina vuto silikhala kumeneko ayi, zinthu sizinasakanikirane basi. Ine zinandisowetsa mtendere Okutobala wina kuno ku Lilongwe pamene timathandiza mwana wa sukulu pa project yake, iye amagwiritsa timachemba ta ma microlitre 20 pa slide, tinkagwedeza pa shaker mpaka tebulo kunjenjemera koma timadzi tili m'katimo osasuntha olo pang'ono. Chimene chinatipulumutsa ndi ka piezo ka mu buzzer, kambale konjenjemera kakalandira magetsi, ndi timathovu ta mpweya, ndiye ndati ndilembe mmene tinachitira kuti anzanga a mu labu ndi ana a sukulu amene ali pa attachment ayesereko.

Tiyambe ndi chifukwa chake, poti ukapanda kumvetsa apa umangotaya ndalama pa zipangizo. Tiyi mu kapu ukamutakasa ndi supuni madzi amachita chipwirikiti, amapindanapindana, shuga nkufika ponseponse m'masekondi ochepa. Koma madzi akachepa kufika pa ma microlitre 10 kapena 20, kapena akamayenda m'kanjira kopyapyala ngati tsitsi, khalidwe lake limasintha, amakhala ngati uchi, amayenda mwaulemu m'mizeremizere osalowererana. A physics amati Reynolds number, nambala yosonyeza ngati madzi angachite chipwirikiti, yatsika, m'timanjira timeneti nthawi zambiri imakhala cha pa 1 kapena pansi pake, pomwe chipwirikiti mu paipi chimayamba cha m'ma 2000 kupita m'mwamba. Zikatero chotsala ndi diffusion, ma molecule kuyenda okha pang'onopang'ono, ndipo iyi ndi yozengereza zedi chifukwa mtunda ukawirikiza kawiri nthawi imawirikiza kanayi. Ka molecule kakang'ono ngati ka dye kamatenga mphindi 15 mpaka 20 kuti kayende milimita imodzi m'madzi, antibody ya IgG poti ndi yaikulu imatenga maola atatu ndi kupitirira pa milimita yomweyo. Ndiye ganizirani, ma microlitre 100 mu well ya 96-well plate amakhala akuya pafupifupi mamilimita atatu, kuchokera pamwamba kufika pansi ndi diffusion yokha ndi tsiku lathunthu ndi kupitirira, pomwe kit ikuti incubate ola limodzi. Ma antibody amene ali pafupi ndi khoma amagwira msanga, pamenepo nkutsala madzi osauka, ena onse ali kutali akubwera ngati nkhono.

Ndinene poyera, pa 96-well plate wamba shaker yabwino imagwira ntchito, musaitaye. Vuto limayamba mukatsika ku 384-well, ku kadontho kamodzi pa slide, kapena ku kachemba kotsekeka kopanda mpata wa mpweya pamwamba. Pamenepo surface tension, kukokana kwa pa khungu la madzi, imagwira madzi zolimba moti chinthu chonse chimagwedezeka limodzi ngati mwala, m'kati muli zii.

Nanga phokoso likubwera bwanji? Munaikapo kapu ya madzi pa sipika ya pa ukwati nkuona pamwamba pake pakuvina? Kuvina kuja pakokha sikusakaniza, madzi amangopita uku nkubwerera pomwe anali. Koma mafunde a phokoso akamataya mphamvu m'madzi, makamaka pafupi ndi khoma, pa nsonga yakuthwa kapena pa khungu la kathovu, pamatsala kukankha kwina kopita mbali imodzi, ndiye madzi amayamba kuzungulira mosalekeza ngati timikuntho ting'onoting'ono. Ichi ndiye acoustic streaming. Si chatsopano ayi, Michael Faraday anaona kale mu 1831 kuti ufa wopepuka pa mbale yonjenjemera umasonkhanitsidwa ndi mpweya wozungulira, Lord Rayleigh nkudzafotokoza masamu ake mu 1884. Ubwino wake kwa ife ndi woti palibe cholowa mu sampulo, palibe tip, palibe maginito, ndiye mwayi wa contamination umachepa.

Ndipo ambiri a ife timagwiritsa kale phokoso tsiku ndi tsiku osaganizako. GeneXpert ija timayezera TB, yomwe WHO inavomereza test yake ya Xpert MTB/RIF mu Disembala 2010, mu module iliyonse muli ultrasonic horn yomwe imagunda pansi pa cartridge nkuphwanya tizilombo kuti DNA ituluke. Kuja ntchito yake ndi kuphwanya, ife kuno tikufuna mphamvu yochepa kwambiri, yongotakasa.

Njira zake zilipo zitatu zodziwika, ya timathovu ta mpweya, ya nsonga zakuthwa, ndi ya mafunde oyenda pamwamba pa crystal, njira yomwe amati SAW, surface acoustic wave. Ine ndimati yambani ndi ya timathovu chifukwa imagwira pa ma kHz ochepa, phokoso loti khutu limamva, ndiye foni ndi ka amplifier zimakwana. Gulu la Robin Liu ku Motorola Labs linaonetsa mu 2002 kuti timathovu totsekeredwa m'timaenje pa chivindikiro cha chemba timatsitsa nthawi yosakaniza kuchoka pa maola kufika pa masekondi, ndipo zomwe tinapanga ife ndi nzeru yomweyo koma ya zipangizo za m'tauni muno.

Choyamba pezani piezo disc. Ndi kambale ka brass kozungulira kokhala ndi ceramic yoyera pakati, kamapezeka mu ma buzzer, ma alamu akale ndi m'mashopu a zamagetsi ku Old Town cha ku Malangalanga kuja, kapena funsani amene amakonza mawailesi. Samalani, ma buzzer ena ang'onoang'ono ndi a coil ndi maginito, amenewo ayi. Ka mamilimita 27 ndi kabwino, kamalira mwamphamvu cha pakati pa 4 ndi 5 kHz. Kamagwira ntchito ndi piezoelectric effect yomwe abale awiri Jacques ndi Pierre Curie anatulukira mu 1880, ukapatsa magetsi osinthasintha kamapindika nkuwongoka mothamanga. Gulani atatu kapena anayi chifukwa powotcherera waya ceramic imang'aluka msanga, ikani soldering iron kanthawi kochepa chabe, ndipo ngati alipo okhala ndi mawaya kale tengani amenewo. Zina ndi ma slide a galasi, kachidutswa ka perspex kokhuthala mamilimita awiri kapena atatu, amene amalemba zikwangwani amakhala nazo zotsala, tepi yomata mbali zonse ziwiri, epoxy ija ya machubu awiri, ndi ka drill bit ka milimita imodzi kapena 0.8 kamene amaboolera ma PCB, timabolodi tija ta m'kati mwa wailesi.

Kupanga chemba ndi kumene kumafuna kudekha. Dulani perspex ifanane ndi slide kukula. Pakati pake jambulani bokosi la mamilimita 10 ndi 10, m'kati mwa bokosilo boolani timaenje tosatulukira, takuya theka la milimita mpaka milimita imodzi, totalikirana mamilimita awiri kapena atatu, timaenje 9 tikukwana. Kuti musaboole mpaka kuseri kulungani selotepi pa bit pomwe mukufuna ilekezere, ndipo zungulizani ndi dzanja kapena pa liwiro lochepa chifukwa perspex ikatentha imasungunuka kaenje nkukhala konyansa. Pa ngodya ziwiri zoyang'anana boolani mabowo otulukira, lina lothirira lina lotulukira mpweya. Kenako chotsani tizinyenyeswa ta m'milomo ya timaenje ndi leza, tsukani ndi madzi a sopo ndi distilled water, musagwiritse spirit kapena acetone chifukwa zimang'alula perspex, umitsani bwinobwino. Tepi yomata mbali ziwiri ija nthawi zambiri imakhala yokhuthala cha pa 0.1 mm, sanjikizani ziwiri, dulani windo la 10 ndi 10 ndi surgical blade, matani pa slide, perspex pamwamba timaenje titayang'ana pansi. Mwapanga chemba ya 10 ndi 10 ndi 0.2, omwe ndi ma microlitre 20. Dinikizani m'mbali monse ndi msana wa supuni mpaka tepi ioneke yowala popanda timipata, kachibowo kamodzi kokha kamakupatsani leak yomwe mudzaiona mochedwa.

Piezo matani pa perspex pambali pa chemba, osati pamwamba pake chifukwa mukufuna kuona m'kati. Mbali ya brass ndi imene imagona pa perspex. Epoxy ikhale yopyapyala kwambiri, kadontho kamodzi, dinikizani ndi kolemera pang'ono mpaka m'mawa. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amapaka guluu wochuluka poganiza kuti zigwira bwino, koma guluu wokhuthala ali ngati matiresi, amameza kunjenjemera konse. Chip chathu choyamba, slide ndi perspex ndi piezo zomatana pamodzizi, chinali chotero, chimalira mokweza bwino koma m'madzi mulibe chimachitika, titachotsa piezo tinapeza epoxy wokhuthala ngati chikhadabo ndi timathovu m'kati mwake.

Tsopano frequency. Kathovu kali konse kali ndi kamvekedwe kake komwe kamanjenjemera kwambiri, ngati mmene ng'oma yaing'ono imalirira mokwera kuposa yaikulu. Marcel Minnaert analemba masamu ake mu 1933, ndipo mwachidule pa kathovu koyandama m'madzi, frequency mu kHz kuchulukitsa ndi radius mu mamilimita zimapereka pafupifupi 3.3. Ndiye ka radius ya theka la milimita kali cha pa 6.5 kHz, ka milimita imodzi cha pa 3.3 kHz. Kathovu ka m'kaenje sikatsatira izi ndendende chifukwa kagwidwa ndi makoma, komanso kuno ku Lilongwe tili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1000, mpweya ndi wopepukirako, ndiye nambalayo imatsika ndi pafupifupi 5 kapena 6 peresenti poyerekeza ndi kunyanja yamchere. Musaitenge ngati lamulo, ingokuuzani poyambira kusaka. Ndipo perspex, slide ndi piezo pamodzi zilinso ndi ma resonance ake, kawirikawiri amenewa ndi amene amalamulira.

Ngati labu yanu kapena dipatimenti ya physics ili ndi function generator bwerekani, ndi yabwino chifukwa voteji mumaidziwa. Ngati palibe, ikani app ya tone generator pa foni, sine wave, lumikizani ku ka amplifier kakang'ono ka ma sipika, chifukwa foni payokha imatulutsa cha pa volt imodzi yomwe ndi yochepa. Piezo kwa amplifier imaoneka ngati capacitor osati sipika, ma amplifier ena sakondwa nazo, ndiye ikani resistor pa waya umodzi ndipo muonetseni technician wa zamagetsi musanayatse. Ma disc ambiri otere salola kupitirira cha pa 30 V peak to peak. Ife timayendetsa amplifier ndi batire ya 12 V, magetsi akathima pakati pa ntchito sitiyambiranso. Foni muiike pa flight mode, munthu akaimba pakati pa experiment ringtone yonse imalowa mu sampulo.

Musayambe ndi reagent, yambani ndi isiti. Inde isiti ya mandasi yomweyi, kambewu kochepa m'madzi, musungunule mpaka madzi angochita mbuu pang'ono. Ma cell ake ndi a ma micrometre pafupifupi asanu, amaoneka bwino pa objective ya 4 kapena ya 10 ndipo amatsatira madzi kulikonse akupita. Thirani mu chemba pang'onopang'ono ndi pipeti, chip mutachipendeketsa pang'ono kuti mpweya utulukire bowo linalo, madzi amadutsa pansi pa timaenje nkusiya mpweya m'katimo. Pa maikulosikopu kathovu kamaoneka ngati mphete yakuda yokhuthala, kaenje kakaoneka kowala kopanda mpheteyo ndiye kuti kadzaza madzi, kameneko kafa. Tsekani mabowo awiri aja ndi selotepi. Mawaya amatireni pa stage kuti asakoke chip.

Yatsani pa 1 kHz voliyumu ili pakati, kwerani pang'onopang'ono ndi 100 Hz, maso ali pa mlomo wa kathovu kamodzi. Kwa nthawi yaitali simuona kanthu, isiti ingokhala phee, mwina kunjenjemera pamalo pomwepo. Kenako pa frequency ina mudzaona ma cell akuyamba kukokedwa kupita ku kathovu, akafika pa mlomo nkuponyedwa kunja mothamanga, nkuzungulira kubwereranso, timikuntho tiwiri kapena tinayi kuzungulira kathovu kali konse ngati maluwa. Tsiku loyamba kuona izi mwana wa sukulu uja anakuwa kuti bwana tabwerani muone, ndipo tinasinthana pa eyepiece kwa mphindi khumi osachita china. Mukapeza pamenepo sakani mozungulira ndi masitepe a 10 kapena 20 Hz mpaka liwiro lifike pachimake, pitirizani mpaka 10 kHz chifukwa pamakhala malo awiri kapena atatu otere ndipo loyamba silikhala lamphamvu nthawi zonse. Lembani nambalayo pa chip chomwecho ndi marker, chip chilichonse chopanga pamanja chili ndi yake, cha dzulo chikagwira pa 4.3 cha lero chitha kufuna 4.8.

Phokoso lake ndi lobaya m'khutu, 4 mpaka 5 kHz zili m'chigawo chimene khutu la munthu limamva kwambiri. Valani zotseka m'makutu ndipo auzeni anzanu a pa benchi ina musanayatse. Mukamaliza kusaka frequency chip chitha kukhala mu cooler box yokhala ndi siponji m'kati.

Isiti ikusonyeza kuti madzi akuyenda, koma kuyenda si kusakanikirana, timikuntho titha kumangozungulira pamalo pake pakati nkutsala zilumba zosakhudzidwa. Ndiye pakufunika test ya mtundu, ndipo iyi ndi imene ndimaumirira kuti musaidumphe. Tengani methylene blue yemwe ali kale pa benchi ya ZN yopakira mtundu ma slide a TB, musungunule kwambiri kuti kuwala kudutse, kapena kalala wa keke. Dzazani chemba ndi madzi, kenako lowetsani ma microlitre awiri a dye pa bowo limodzi kuti akhale pa ngodya. Foni ina ikhale pa sitandi pamwamba, pepala loyera pansi, kuwala kosasintha, exposure ya kamera muikhome isamasinthe yokha. Jambulani vidiyo phokoso lili lozimitsa kwa mphindi zisanu, iyi ndi control yanu, mudzaona dye wangosuntha pang'ono. Kenako chip chatsopano kapena chotsuka, dye momwemo, yatsani. Zithunzi zake tsegulani mu ImageJ, pulogalamu yaulere yochokera ku NIH ku America, sankhani bokosi la chemba kupatula timathovu, yezani standard deviation ya kuwala, kutanthauza mmene kuwala kukusiyanirana malo ndi malo, pa sekondi iliyonse kapena masekondi asanu alionse. Poyamba imakhala yaikulu chifukwa kwina kuli buluu kwina koyera, ikamasakanikirana imatsika, ikafika pa gawo limodzi mwa magawo khumi a poyambira ambiri amawerengera kuti zasakanikirana. Bwerezani katatu. Ngati ngodya ina ikutsalira nthawi zonse, pa chip chotsatira onjezani kaenje kumeneko, kapena muzisinthasintha pakati pa ma frequency awiri amene munapeza aja kuti timikuntho tisamuke malo, izi zimathandiza kuposa kukweza voliyumu.

Za voliyumu, liwiro la streaming limakwera pafupifupi ndi square ya voteji, mukawirikiza kawiri liwiro limawirikiza kanayi, koma kutentha nakonso kumatsatira. Enzyme ngati HRP ya mu ELISA ndi ma antibody zimamva kutentha, madigiri awiri kapena atatu owonjezera amasintha OD, nambala ya mtundu imene reader imawerenga, ndiye mutha kusangalala kuti signal yakwera pomwe mwangofunditsa sampulo. Matani waya wa thermocouple ya multimeter pa slide pansi pa chemba, yatsani kwa nthawi yonse imene incubation yanu imatenga, muone ikwera bwanji. Ikakwera kupitirira digiri imodzi tsitsani voteji kapena muziyatsa modukizadukiza, masekondi 10 kuyatsa 50 kuzimitsa, pa incubation yaitali sipafunika kutakasa osalekeza, kungobweretsa madzi atsopano pa khoma kamodzi pa mphindi kumakwana. Nyengo ya Okutobala ndi Novembala labu yopanda air con imakhala kale cha m'ma 30, mpweya wouma, kadontho kosatseka kamaphwa mukuona, ndiye mabowo atsekeni nthawi zonse.

Timathovu tili ndi makhalidwe ake ofunika kuwadziwa. Buffer yochokera mu filiji ikamafunda imatulutsa mpweya, kathovu kamakula nkutuluka m'kaenje, frequency nkusintha, ndiye dikirani zonse zifike pa kutentha kwa chipinda. Buffer yomwe mwaichotsa mpweya imachita zosiyana, imamwa kathovu mpaka kuzimiririka. Tween 20, kasopo ka mu wash buffer, imatsitsa surface tension, madzi amalowa m'timaenje mosavuta, BSA ya blocking, protein yophimbira makoma kuti zina zisamatepo, nayonso imanyowetsa makoma, ndiye test ya isiti ndi ya dye muibwereze ndi buffer yeniyeni imene mudzagwiritse, osati madzi okha. Plasma ndi serum ndi zokhuthala kuposa madzi, magazi athunthu kwambiri, kuti muyerekeze onjezani glycerol m'madzi a dye muone nthawi ikuwonjezeka bwanji. Blocking musaidumphe ngakhale ikuvutitsa timathovu, perspex ndi tepi zimamata ma protein, mukapanda kutseka background imakwera.

Ngati timathovu takutopetsani pali njira ya nsonga zakuthwa. Gulu la Tony Jun Huang, pamene linali ku Penn State, linaonetsa mu 2013 kuti timinga tosongoka totuluka m'khoma la kanjira tikamanjenjemera ndi piezo yomweyi pa ma kHz ochepa timapanga timikuntho tiwiri pa nsonga iliyonse, popanda kathovu koti kakule kapena kufa. Iwo amaumba ndi PDMS, mtundu wa labala wa silicone, ife titha kudula mano a sowo m'mbali mwa windo la kapulasitiki kopyapyala kokhala pakati pa matepi awiri, mano atatuluka kulowa m'madzi osamatidwa. Nsonga ikhale yakuthwa zenizeni, ikabuntha mphamvu imagwa kwambiri, ndipo ndi leza ndi dzanja zimavuta, mwa zisanu mwina ziwiri ndi zimene zimatuluka bwino.

SAW ndi ya amene ali ndi thumba la research. Amatenga crystal ya lithium niobate, nthawi zambiri yodulidwa mwa mtundu wa 128° Y, pamwamba pake nkuikapo timizere ta chitsulo tolowana ngati zipeso ziwiri, IDT, nzeru ya Richard White ndi Fred Voltmer ku Berkeley mu 1965. Funde limayenda pamwamba pa crystal pa liwiro la pafupifupi mamita 3990 pa sekondi, kamzere kakakhala ma micrometre 50 mpata wake 50, wavelength ndi 200, frequency nkukhala cha pa 20 MHz, ndiye pakufunika RF generator ndi amplifier yake, foni yathera pamenepa. Funde likafika pansi pa kadontho limalowa m'madzi mopendekeka ndi madigiri pafupifupi 22 chifukwa m'madzi phokoso limayenda pang'onopang'ono, cha pa mamita 1500 pa sekondi, nkukankha madziwo. Chinsinsi chake nchoti kadontho musakaike pakati penipeni pa njira ya funde, kaikeni pambali kuti theka lokha ligundidwe, pamenepo kamazungulira konse ngati kamvuluvulu ndipo kamasakanikirana mu sekondi imodzi kapena ziwiri. Crystal ndi yodula ndipo imang'aluka ikatentha kapena kuzizira mwadzidzidzi, ndiye anthu amaika sampulo pa kagalasi kotaya pamwamba pake, pakati nkuikapo kadontho ka madzi kapena gel kuti funde lidutse. Ku University of Glasgow, Julien Reboud ndi Jonathan Cooper ndi anzawo anasindikiza mu 2012 ntchito yomwe SAW inaphwanya ma cell ofiira, nkutenthetsanso kadontho komweko kuchita PCR, njira yochulukitsira DNA, mpaka kupeza tizilombo ta malungo a mbewa za mu labu. Kwa dziko ngati lathu lomwe malungo amadzaza ma ward nyengo ya mvula, ntchito ngati iyi ndi yoti ana athu a biomedical engineering aidziwe.

Koma apa ndiyankhule mwamphamvu. SAW ukaikweza mphamvu kadontho kamatambasuka, kenako kamaponya kamtsinje, kenako kamasanduka nkhungu, ndi mmenenso ma nebuliser ena amagwirira ntchito. Nkhungu ya makhololo a TB kapena magazi osayezedwa pa benchi yotseguka ndi ngozi kwa aliyense ali m'chipindamo. Sampulo iliyonse ya munthu ikhale mu chemba yotseka, mu biosafety cabinet, ndipo yesani kaye ndi dye pepala loyera lili mozungulira muone ngati pakugwa timadontho. Chinanso, musatenge plate nkuiviika mu ultrasonic bath ija yotsukira zipangizo poganiza kuti ndi zomwezi. Ija imagunda cha pa 40 kHz ndi mphamvu yochita cavitation, timathovu timaphulika mwaukali, timaphwanya ma cell, timadula DNA, timawononga ma enzyme, ndipo mphamvu yake siifanana malo onse mu bafamo.

Dye ikakhutiritsa ndi pomwe mumabwera ku assay yeniyeni, ndi ma control ndi ma standard a kit kapena ma sampulo a QC, quality control. Pangani machip osachepera asanu ndi limodzi tsiku limodzi, atatu a phokoso atatu opanda, reagent imodzi, nthawi imodzi, munthu mmodzi. Yang'anani ngati positive yakwera, ngati negative ndi blank zakhala pomwe zinali, ndi CV, peresenti ya mmene ma replicate akusiyanirana. Positive ikakwera limodzi ndi blank simunapindule, mwina mwatenthetsa kapena blocking yachoka. Kenako fupikitsani incubation ya gulu la phokoso, ola limodzi kukhala mphindi 30, kenako 15, muone pomwe signal ikufanana ndi ya ola limodzi lopanda phokoso. Nthawi zina simuona kusintha kulikonse, ndiye kuti assay imeneyo chochedwetsa ndi kugwirana kwa antibody ndi antigen osati ulendo wa m'madzi, kutakasa sikungathandize pamenepo, ilembeni choncho ndithu chifukwa nayonso ndi result.

Zotsatira za wodwala zisatuluke pa chip chopanga pamanja. Kit ya IVD, yovomerezeka kuyezera odwala, ili ndi malangizo ake, mukasintha nthawi kapena njira yosakanizira ndiye kuti mwapanga method ina, ndipo ISO 15189, muyezo wa ma labu a zachipatala, imafuna validation yonse yolembedwa isanakhudze wodwala, amene munadutsa mu SLIPTA, ndondomeko yowunikira ma labu popita ku accreditation, mukudziwa mmene ma auditor amafunsira mapepala. Ngati project ikugwiritsa ma sampulo otsala a anthu pezani kaye chilolezo cha ethics ndipo quality officer wanu adziwe. Mu notebook muzilemba nambala ya chip, kukula kwa timaenje, timathovu tingati tinali tamoyo poyamba ndi pomaliza, frequency, voteji yoyeza ndi multimeter kapena oscilloscope osati malo a voliyumu pa foni, kutentha kwa chipinda ndi nthawi ya tsiku. Za nthawi ya tsikuzi tinaziphunzira titaona chip chimodzi chikusakaniza msanga m'mawa koma masana chikuchedwa, titabwerera pa maikulosikopu tinapeza timathovu tatu tatupa nkutuluka m'timaenje chifukwa dzuwa la pa windo limagunda benchi imeneyo kuyambira 2 koloko, tinasamutsira zonse ku benchi ya kukhoma nkusakanso frequency ndi isiti.